Mphatso ya Pafoni ndi Gawo la Kaisara



M'zaka zochepa zapitazi foni ya m'manja yasanduka msika, sukulu ndi banki pa nthawi imodzi. Pakati pathu pabadwa mtundu watsopano wa atumiki, anthu amene amathandiza anzawo kudzera pa intaneti popanda kutchula mtengo. Tikunena za mphunzitsi amene amaika mafunso a masamu pa WhatsApp kuti ana a Fomu 4 akonzekere mayeso a MSCE, mnyamata amene m'mawa uliwonse amalengeza mitengo ya tomato, kachewere ndi nandolo monga ilili ku Tsangano, ku Lizulu ndi ku Balaka, kapenanso kwaya imene imaika nyimbo zake pa Facebook ndi pa YouTube kuti abale athu a ku Johannesburg azimva za kumudzi. Onsewa salipiritsa. Amangoika nambala ya Airtel Money kapena ya TNM Mpamba, kuti amene mtima wamuuza aponyeko kangachepe kogulira mayunitsi. Ndipo anthu amaponyadi: wina K500, wina K2,000, wa kunja uja K50,000.

Funso limene likumveka m'miphakati yathu ndi ili: kodi ndalama zoterezi, zimene munthu sanazilamule ndipo wopereka sanakakamizidwe, boma lili nazo gawo? Ena akuti mphatso ndi mphatso, msonkho sukhudzana nayo. Ena akuchita mantha mpaka asiya ntchito yabwino imene ankagwira, poopa kuti tsiku lina a bungwe lotolera misonkho la MRA adzawagogodera. Ife a Komiti ya Chilungamo ndi Mtendere si ife khoti, ndipo kalata ino siyingalowe m'malo mwa uphungu wa odziwa malamulo. Koma nkhani ya msonkho ndi nkhani ya chikumbumtima ndiponso ya kayendetsedwe ka dziko, choncho sitingaikhalire chete.

Mawu oti mphatso ali ndi mbiri yake

Tiyambe ndi kukumbutsana kuti m'dziko muno mawu awiriwa, msonkho ndi mphatso, ali ndi zipsera. Atsamunda atafika m'zaka za m'ma 1890 anakhazikitsa msonkho wa nyumba, ndipo cholinga chake china chinali chokankhira amuna kuti apite kukagwira ntchito m'minda ya azungu. Ife a ku Ntcheu sitifuna wotiuza za nthawi imeneyo, pakuti Inkosi Gomani Chikuse anaphedwa ndi asilikali a atsamunda m'chaka cha 1896. Msonkho wa pamutu unapitirira ngakhale dziko litalandira ufulu mu 1964, ndipo akuluakulu a pakati panu akukumbukira amuna akugona kutchire pothawa amesenjala. Unadzathetsedwa patapita zaka zambiri.

Nayo mphatso inaipitsidwa dzina. M'nthawi ya chipani chimodzi mayi wosauka ankapereka dzira, nkhuku kapena ndalama monga mphatso yopita kwa mtsogoleri, chonsecho aliyense ankadziwa chimene chikanamuonekera akanakana. Khadi la chipani linali chiphaso cholowera mumsika ndi m'basi. Kalata ya Aepiskopi athu imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992 inadzudzula poyera zopereka zokakamizazo. Tsono Mmalawi akamva kuti boma likuyang'ana ku mphatso yake, kukayika kwake kuli ndi pochokera. Atsogoleri amene amaiwala mbiri imeneyi amadabwa chifukwa chimene anthu amakwiyira msonkho ngakhale wochepa.

Komabe mbiri yowawa sichotsa udindo. Ambuye Yesu, atafunsidwa mowatchera msampha za msonkho wa mfumu ya ku Roma (Mateyo 22:15-22), sanauze anthu kuti athawe msonkho, ngakhale ulamuliro umenewo unali wachilendo. Anaika malire pakati pa zimene wolamula angafune kwa munthu ndi zimene ndi za Mulungu yekha. Paulo Woyera akunenanso za udindo womwewu pa Aroma 13. Msonkhano Wachiwiri wa Vatican, m'chikalata cha Gaudium et Spes cha 1965, unadzudzula anthu amene amazemba misonkho yoyenera mwachinyengo, ndipo Katekisimu wa Mpingo pa ndime 2240 amaika kupereka msonkho pamodzi ndi kuponya voti monga ntchito za nzika. Mankhwala a kuchipatala, choko cha kusukulu ndi malipiro a namwino sizigwa ngati mana.

Zimene lamulo limayang'ana

Malamulo oyendetsera dziko lino, pa gawo 171, amanena kuti palibe msonkho umene ungakhazikitsidwe popanda lamulo. Ichi ndi chitetezo chachikulu: wogwira ntchito m'boma sangadzuke m'mawa n'kudzipangira msonkho wake. Lamulo la msonkho wa zopeza, limene bungwe la MRA lakhala likuliyendetsa chiyambire ntchito yake m'chaka cha 2000, limayang'ana ndalama zimene munthu wapeza kuchokera ku ntchito, malonda kapena katundu wake. Limapatulanso zolandira za mipingo, mabungwe achifundo ndi a maphunziro amene amatumikira anthu onse. Maziko a lamuloli anaikidwa kale kwambiri, intaneti kulibe, ndipo amene anawaika sanaganizepo za mnyamata wa ku Manjawira wolandira ndalama pafoni kuchokera kwa anthu amene sanawaonepo nkhope.

Maiko ena anakumana nalo kale funso lofanana ndi ili, ndipo milandu iwiri ingatiunikire. Woyamba ndi wa bambo wina wa ku Netherlands, dzina lake Tolsma, amene ankaimba limba m'mbali mwa msewu anthu odutsa n'kumaponya makobidi m'chitini. Otolera msonkho anafuna kuti alipire msonkho wa VAT pa makobidiwo. M'chaka cha 1994 khoti lalikulu la maiko a ku Ulaya linagamula kuti sayenera kulipira, chifukwa panalibe pangano pakati pa iye ndi odutsawo: wina ankamvera nyimbo osaponya kanthu, wina ankaponya osaima n'komwe kuti amvere, ndipo kuchuluka kwa ndalama kunali kwa mtima wa woponya. Popanda mtengo palibe malonda, ndipo popanda malonda palibe VAT.

Wachiwiri ndi wa ku America, m'chaka cha 1960. Mkulu wina wa bizinesi, Duberstein, analandira galimoto ya mtundu wa Cadillac kuchokera kwa mnzake amene iye ankamulozera makasitomala. Iye anati inali mphatso. Khoti lalikulu la dzikolo linati ayi: mphatso yeniyeni ndi imene imachokera mu mtima wopatsa wosayembekeza kanthu ndiponso wosabweza kanthu, koma galimotoyo inali yothokozera ntchito imene inagwiridwa. Choncho inawerengedwa monga zopeza zake.

Zigamulo ziwirizi sizimanga makhoti a ku Malawi, koma nzeru yake ndi yomveka ngakhale pabwalo la kwa mfumu. Zikutiphunzitsa kuti dzina limene taipatsa ndalama silisintha chimene ndalamayo ili. Zikutiphunzitsanso kuti misonkho ili mitundumitundu: munthu angathe kukhala wopanda mangawa a VAT chifukwa sanagulitse kanthu, koma n'kukhala ndi funso loti ayankhe pa zopeza zake ngati mphatsozo ndizo zimamudyetsa chaka chonse.

Maganizo athu

Taganizirani za mayi amene nyumba yake inagwa ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, mwana wake n'kulemba pa Facebook, anthu achifundo n'kutumiza ndalama zogulira malata. Apa palibe ntchito imene yagulitsidwa, palibe phindu, pali tsoka ndi chifundo basi. Chimodzimodzi chipepeso cha pamaliro, ndalama ya chipatala, kapena fizi imene malume wa ku Cape Town watumiza. Tikunena mosapsatira kuti boma limene lingatambasule dzanja lake pa ndalama zotere lachimwira anthu ake. Makolo athu anati kupatsa n'kuika, ndipo m'dziko limene anthu ambiri alibe inshuwalansi kapena penshoni, kupatsana kumeneku ndiko nkhokwe yokhayo ya amphawi.

Nkhani ya mphunzitsi wa pa WhatsApp uja ndi yovutirapo, ndipo ndi pamene tikufuna kukhalitsa. Iye amagula bandulo, amalipira kotchajitsa foni, nthawi zina amakwera njinga ya kabaza kukafuna malo amene netiweki imagwira bwino. Ngati zimene anthu amamuponyera zikungobweza zimene iye waononga, ndiye kuti palibe chimene wapeza. Msonkho wa zopeza umayenera kugwa pa chotsala munthu atachotsa zimene walowetsa pa ntchitoyo, ndipo pamene palibe chotsala palibenso chodula. Ambiri mwa achinyamata athu ali m'gulu limeneli, ndipo mantha awo ndi opanda pake. Ngakhale amene amatsala ndi kangachepe akumbukire kuti lamulo lenilenilo limasiya osauka: m'chaka cha 2020 boma linaika K100,000 yoyamba ya malipiro a pamwezi kukhala yosadulidwa msonkho, mu 2024 malirewo anakwera kufika pa K150,000, ndipo amaunikidwanso m'ndondomeko za chuma zotsatira. Mu 2021, pokhazikitsa msonkho wa mabizinesi ang'onoang'ono, boma linasiya kunja amene malonda awo sankafika K4 miliyoni pachaka.

Koma tiyerekeze kuti ntchito ija yakula. Omutsatira afika zikwi makumi angapo, ndalama zikulowa tsiku ndi tsiku, mwini wake wasiya ntchito ina iliyonse, wagula galimoto, akumanga nyumba ya lendi. Akunenabe kuti salipiritsa, ndipo akunena zoona. Komabe anthu akumupatsa chifukwa cha ntchito imene akugwira, ndipo iye akuigwira podziwa kuti anthu apereka. Atasiya lero, mawa ndalamazo zisiya. M'maso mwathu zimenezi ndi zopeza za ntchito, zosasiyana ndi za mmisiri wa matabwa kapena za telala. Tsono tayang'anani mayi wogulitsa masamba mumsika wa Manjawira, amene amadula tikiti ya khonsolo asanagulitse ngakhale mulu umodzi. Tayang'anani mphunzitsi wa kupulayimale amene msonkho wake umadulidwa malipiro asanafike m'manja mwake, kapena woyendetsa minibasi amene amalipira pa zipata za pa Chingeni, zimene zinatsegulidwa mu Novembala 2021. Kodi n'chilungamo kuti onsewa asenze katundu wa dziko, pamene wopeza kuposa iwo akudutsa chimanjamanja chifukwa chakuti ndalama zake wazitcha mphatso? Ife tikuti si chilungamo.

Ndipo kumene chinyengo chimalowera n'kodziwika. Munthu akanena kuti maphunziro ndi aulere, koma mayankho a mafunso amatumizira okhawo amene aponya K3,000, ameneyo waika mtengo. Akanena kuti pemphero ndi laulere, koma dzina la wodwala amalitchula pokhapokha mbewu yafesedwa pa nambala yakutiyakuti, ameneyonso waika mtengo, ndipo mlandu wake pamaso pa Mulungu ndi waukulu kuposa wa msonkho. Nkhani ya Simoni wamatsenga pa Machitidwe a Atumwi 8 inalembedwera anthu otere.

Pali njira ina imene tikufuna achinyamata athu aidziwe. Wikipedia, nkhokwe ya nzeru ya pa intaneti imene inayamba mu 2001 ndipo ili ndi masamba ena m'Chichewa, salipiritsa owerenga ndipo imayendera zopereka za anthu. Koma zoperekazo sizipita m'thumba la munthu mmodzi. Zimapita ku bungwe la Wikimedia Foundation, lolembetsedwa ku America monga bungwe losapanga phindu, limene limaonetsa mabuku ake a chuma chaka ndi chaka. Kupatulidwa pa msonkho kumabwera ndi goli lake: ndalama zikhale za ntchitoyo, pakhale anthu oziyang'anira, ndipo aliyense wofuna kuona aone. Kwathu kuno gulu lingathe kulembetsa pansi pa lamulo la matrasti, ndipo mabungwe omwe si aboma ali ndi bungwe lowayang'anira la NGORA, limene linabwera ndi kusintha kwa lamulo mu 2022. Amene akulandira malipiro kuchokera ku bungwe lotero amadulidwa msonkho ngati wantchito wina aliyense. Sizitheka kufuna ufulu wa bungwe lachifundo kwinaku ndalama zikusungidwa ngati za m'thumba la buluku.

Kwa amene akutilamula

Tanena za udindo wa nzika. Tsopano tinene za udindo wa boma, umene ndi wolemera kuposa. Gawo 12 la malamulo oyendetsera dziko limanena kuti olamula anangosungitsidwa mphamvu ndi anthu, ndipo mphamvuzo zimakhalapo pokhapokha anthu akuwakhulupirira. Nanga chikhulupirirocho chili pati? Mu 2013 dziko linadzidzimuka ndi kubedwa kwa ndalama za boma ku Capital Hill, nkhani imene inatchuka ndi dzina loti Cashgate. Mu 2021, matenda a Covid-19 ali pachimake, kafukufuku wa mkulu wolondoloza chuma cha boma anaonetsa kuti mbali ina ya K6.2 biliyoni yolimbanirana ndi mliriwo inathera m'maalawansi ndi m'kagulidwe kokayikitsa. M'miyezi yomweyo mlembi Onjezani Kenani ndi anzake anapempha thandizo pa Facebook, Amalawi wamba anasonkha ndalama zawo, ndipo zipangizo zothandizira odwala kupuma zinafika m'zipatala, osonkhawo akuuzidwa poyera zimene zalowa ndi zimene zagulidwa. Anthu anaona ndi maso awo kusiyana kwa ndalama yoperekedwa mwaufulu ndi ndalama yotoleredwa mwalamulo. Aliyense wofuna kumvetsa chifukwa chimene Mmalawi amapatsira mnzake mokondwa koma n'kumapereka msonkho monyinyirika ayambire pamenepo.

Chachiwiri, si zoona kuti ntchito za pa intaneti sizilipira kanthu. Kuyambira mu 2015 boma linaika msonkho wa 10 peresenti pa mauthenga a pafoni ndi pa intaneti, kuwonjezera pa VAT. Ndiye kuti mphunzitsi uja, pogula bandulo yoti aphunzitsire ana a eni ake mwaulere, walipira kale, ndipo mwana aliyense wotsegula phunzirolo walipiranso. Mu 2019 nduna ya zachuma, a Joseph Mwanamvekha, anabweretsa ganizo la msonkho wa 1 peresenti pa ndalama zotumizidwa pafoni; anthu anadandaula kwambiri ndipo boma linabweza ganizolo. Mu Novembala 2025 kunalengezedwa kuti VAT ikwera kuchoka pa 16.5 kufika pa 17.5 peresenti, ndiponso kuti pakhala kamsonkho ka 0.05 peresenti pa ndalama zopitirira K100,000 zotumizidwa pafoni. Kamsonkhoka n'kochepa, ndipo n'koyamikika kuti kanasiya otumiza zochepa. Koma vuto la msonkho wa pa njira yotumizira ndi lakuti ulibe maso: sudziwa ngati ndalamayo ndi phindu la sitolo kapena ndi yogulira bokosi la maliro. Ndipo khomo likatseguka, kukweza chiwerengero sikuvuta. Tikupempha aphungu athu a m'boma la Ntcheu kuti akhale tcheru pa chiwerengero chimenechi chaka chilichonse. Aone zimene zinachitika ku Uganda, kumene msonkho wa tsiku ndi tsiku wolowera pa WhatsApp ndi Facebook unakhazikitsidwa mu 2018 n'kuchotsedwa mu 2021 anthu ambiri atapeza njira zouzembera, ndi ku Kenya, kumene mu Juni 2024 achinyamata anakana lamulo la misonkho yatsopano mpaka magazi anakhetsedwa ku Nairobi.

Chachitatu n'chimene chimatipweteka mtima koposa. Pali mphatso zina zikuluzikulu m'dziko muno zimene sizifufuzidwa mokwanira. Lamulo la zipani la 2018 limalamula chipani kuulula chopereka chilichonse choyambira K1 miliyoni chochokera kwa munthu, ndi K2 miliyoni chochokera ku kampani, ndipo limaletsa kugawa ndalama ndi katundu pokopa mavoti. Mlembi woyang'anira zipani anasankhidwa mu 2024, patatha zaka zisanu ndi chimodzi lamulo lilipo. Inu amene munaona misonkhano ya kampeni, magalimoto atsopano, nsalu ndi maenvulopu, dzifunseni ngati munauzidwapo kumene ndalamazo zinachokera. Wopereka mamiliyoni ku chipani kawirikawiri amadzabwera kudzatenga kontrakiti, ndipo mtengo wa kontrakitiyo umalipidwa ndi msonkho wa mayi wa masamba uja. Akulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Boma likayamba ndi kusaka K2,000 ya mnyamata wa mitengo ya tomato, mphatso za pamkhatezi zili chikhalire, lisadabwe anthu akamati lamulo ndi ukonde wogwira matemba okha.

Chimene tikupempha ku bungwe la MRA n'chapafupi. Lilembe m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao, m'mawu amene munthu wa Sitandade 8 angamve, kusiyana kwa mphatso ya chifundo, ndalama yobwezera zimene munthu waononga, ndi zopeza za ntchito. Linene malire amene munthu ayenera kuyambira kulembetsa. Liulutse zimenezi pa wailesi, ndipo litumize antchito ake pa tsiku la msika kudzayankha mafunso asanabwere kudzalanga. Pamene lamulo lili mumdima, wolemera amalemba loya, wosauka amapereka chiphuphu kapena amangosiya ntchito yabwino.

Za m'nyumba mwathu

Sitingaloze chala kunja kokha. Mpingo nawo masiku ano umalandira mtulo, chachikhumi ndi zopereka za chitukuko kudzera pafoni, ndipo makwaya ndi magulu a achinyamata ali ndi masamba awo pa intaneti. Lamulo likapatula zolandira za Mpingo, limatero pokhulupirira kuti ndalamazo zikutumikira anthu, m'masukulu, m'zipatala ndi mwa amasiye. Chikhulupiriro chimenechi tingathe kuchitaya. Nambala yolandirira zopereka za tchalitchi isakhale ya foni ya munthu mmodzi, kaya ndi wapampando, kaya ndi katekisiti, kaya ndi ife ansembe. Parishi ikakhala ndi chigayo, holo yobwereketsa kapena nyumba za lendi, a komiti ya chuma afunse kwa odziwa za udindo wake pa msonkho, osabisa malonda kuseri kwa guwa. Antchito a parishi amene malipiro awo afika pa mlingo wodulidwa msonkho adulidwe, ndipo ndalamayo ipite kumene iyenera kupita.

Kwa inu amene mukutumikira anzanu pa intaneti, pitirizani, ntchito yanu ndi yabwino. Koma gulani kope la K1,000. Kumanzere muzilemba tsiku, ndalama imene yalowa ndi cholinga chimene woperekayo ananena; kumanja muzilemba bandulo, kutchajitsa, ulendo ndi chilichonse chimene mwagula. Mauthenga otsimikiza kuti ndalama yalowa musamafufute. Ndalama imene mwapemphera wodwala kapena wogweredwa tsoka musaisakanize ndi ya ntchito yanu, ndipo ikafika kwa mwini wake muziuza amene anasonkha. Pakutha pa chaka muwerengetse. Chotsala chikakhala chochepa, mulibe choopa, ndipo kopelo lidzakuyankhirani aliyense akadzafunsa. Chikakhala chokwanira kudyetsa banja ndi kumanga nyumba, pitani nokha ku ofesi ya MRA mukalembetse, musanaitanidwe.

Tikupempha atsogoleri a miphakati kuti kalata ino iwerengedwe ndi kukambidwa pa misonkhano iwiri yotsatizana, achinyamata amene ali ndi magulu a pa WhatsApp aitanidwe mwapadera, ndipo mafunso amene atsale opanda mayankho alembedwe ndi kuperekedwa kwa mlembi wa komiti, kuti tikawatule kwa aphungu ndi kwa akuluakulu a khonsolo ya Ntcheu.

Ife anu mwa Ambuye,
a Komiti ya Chilungamo ndi Mtendere